Mizere Yokhota ndi Milu ya Tomato

Tengani pensulo ndi pepala, muike timadontho tiwiri paliponse pamene mwafuna. Tsono dzifunseni: kodi ndi mizere yowongoka ingati imene ingadutse pa timadontho tonse tiwiri? Yankho ndi umodzi basi, ndipo ngakhale mwana wa Sitandade 5 angakuuzeni. Onjezani kadontho kachitatu chapambali. Kodi ndi mikombero ingati imene ingadutse pa timadontho tonse titatu? Umodzinso. Anzanga a Fomu 3 akukumbukira mmene tinkatulukira thukuta ndi kampasi ndi lula pofunafuna pakati pa mkombero umenewu. Tsopano ikani timadontho tisanu. Mkombero sungathe kudutsa pa tonseto, koma pali mzere wina wokhota, wa banja limodzi ndi mkombero, umene udzadutsa pa tonse tisanu, ndipo ndi umodzi wokha.

Banja limeneli mumalidziwa ngakhale simunalitchulepo dzina. Magetsi akazima nthawi ya sitadi, lozetsani tochi pakhoma molunjika, mudzaona mkombero. Pendeketsani tochiyo pang'ono, mkombero uja udzatalika ngati dzira. Pendeketsani kwambiri, mzerewo udzatseguka osatsekekanso, ndipo imeneyo ndi parabola yathu ya pagalafu, kenaka hyperbola. Mgiriki wina dzina lake Apollonius wa ku Perga analemba mabuku 8 onena za mizere imeneyi zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe. Dzina la banjali ndi conic.

Pali gawo la masamu limene ntchito yake ndi kufunsa funso limodzi lokhali lakuti "ingati?" Akatswiri amalitcha enumerative geometry, ife tingoti kuwerenga mizere. Silili pa silabasi ya MSCE. Ine ndinakumana nalo m'mapepala amene aphunzitsi athu a masamu anatipatsa Loweruka lina kuti tikawerenge tokha, ndipo m'mapepalamo munali chinthu chimodzi chimene ndinatha kuchiyesa ndi dzanja langa pa holide kwathu ku Ntaja. Chimenecho ndicho ndifuna kukuonetsani. Koma njira yake ndi yokhotakhota ngati mizere yomweyi, choncho mundipirire.

Mzere uliwonse uli ndi ikweshoni yake, ndipo pawa yaikulu mu ikweshoniyo ndiyo digiri ya mzerewo. Mzere wowongoka, monga y = 2x + 1, ndi wa digiri 1. Mkombero, monga x² + y² = 25, ndi wa digiri 2. Pali ya digiri 3, ya digiri 4, mpaka kumene mungafune. M'buku lake la 1779 Mfalansa wina, Étienne Bézout, ananena lamulo lakuti mizere iwiri imakumana pa malo ochuluka ngati madigiri awo titawachulukitsa. Wa digiri 2 ndi wa digiri 3 adzakumana pa malo 6. Mizere iwiri yowongoka idzakumana pa malo amodzi.

Apa wina adzutsa dzanja n'kunena kuti mizere ya parallel sikumana. Mnzanga ameneyu akaime pa njanji imene imachoka pa Nkaya kudutsa pa Liwonde kulowera ku Nayuchi, pamene njanjiyo yawongoka, ayang'ane kutsogolo. Zitsulo ziwiri zija adzaziona zikuyandikana mpaka kukumana kumene thambo lagundana ndi dziko. Akatswiri a masamu anagwirizana kuti malo akutali amenewo nawonso tiziwawerenga. Anagwirizananso zina ziwiri. Mzere ukangokhudza unzake osaudutsa, monga tanjenti, malo amenewo tiwawerenge kawiri. Ndipo ikweshoni ikatipatsa yankho la mtundu wa x² = −1, limene m'kalasi timati "palibe yankho", iwo amati yankho lilipo, kungoti silioneka papepala. Tikatsata malamulo atatuwa nambala zimakhazikika, sizisinthasintha. Koma mtengo wake ndi wakuti tsopano tikuwerenga zinthu zimene zina mwa izo maso sangazione. Munthu wowerenga mbuzi m'khola akakayika amabwereza. Nanga wowerenga mizere yosaoneka abwerera kuti?

Funso limeneli si lamasewera, pakuti anthu akuluakulu anapunthwapo. M'chaka cha 1848 Jakob Steiner wa ku Switzerland anafunsa kuti ngati tajambula ma conic asanu, ndi ma conic angati amene angakhudze onse asanuwo. Anachulukitsa 6 kasanu napeza 7776. Yankholi linali lolakwika, chifukwa m'kati mwake munalowa mizere yowongoka yopindidwa pawiri, imene ikweshoni imaiona ngati conic pamene si conic yeniyeni. Yankho loona, 3264, analifalitsa Michel Chasles m'chaka cha 1864. Chaka chotsatira funso la Steiner, mu 1849, Arthur Cayley wa ku England ndi George Salmon wa ku Ireland, polemberana makalata, anapeza chinthu china chodabwitsa. Ikweshoni ya zilembo zitatu, x, y ndi z, sijambula mzere koma chinsalu chokhota, ngati chitenje chimene chafufuma ndi mphepo pachingwe. Iwo anapeza kuti pa chinsalu chilichonse chosalala cha digiri 3 pamagona mizere yowongoka 27, osati 26 kapena 28.

Hermann Schubert wa ku Hamburg anasonkhanitsa njira zowerengera zimenezi m'buku lake la 1879. Mfundo yake yaikulu inali yakuti ukasuntha zinthu pang'onopang'ono kuti funso liphweke, nambala ya mayankho sisintha. Njirayi inkatulutsa nambala zambiri, koma maziko ake anali osalimba, moti mu 1900 ku Paris David Hilbert anaika ntchito yolimbitsa mazikowo pa nambala 15 pa mndandanda wake wa mafunso 23 oti akatswiri alimbane nawo.

Nkhani imene inandikoka kwambiri ndi ya 1991. Pali chinthu china cha digiri 5 chimene sitingachijambule, chifukwa chili ndi mbali zambiri kuposa mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Schubert anali atapeza kale kuti pa chinthuchi pali mizere yowongoka 2875, ndipo mu 1986 Sheldon Katz anapeza kuti ma conic alipo 609,250. Za mizere ya digiri 3 panabuka mkangano. Akatswiri awiri a masamu a ku Norway, Geir Ellingsrud ndi Stein Arild Strømme, anagwiritsa ntchito kompyuta napeza 2,682,549,425. Akatswiri anayi a fizikisi, Philip Candelas, Xenia de la Ossa, Paul Green ndi Linda Parkes, anadzera njira ina yachilendo yochokera ku string theory napeza 317,206,375. Ambiri anaganiza kuti a fizikisi ndiwo asokera. Koma a ku Norway aja atabwerera ku pulogalamu yawo anapezamo cholakwika, ndipo atachikonza kompyuta inatulutsa 317,206,375 yomweyo. Kwa ine apa ndi pamene pali yankho la funso la m'khola lija. Wowerenga zosaoneka amabwereza podzera njira ina yosiyana kotheratu, ndipo njira ziwirizo zikakafika pa nambala imodzi ya manambala asanu ndi anayi, mtima umakhala pansi.

Tsopano tifike pa nkhani yanga yeniyeni, ndipo tiyambe ndi nkhata, yomwe ija amayi amaika pamutu posenza ndowa.

Tikawerengera pamodzi timadontho tosaoneka tija, mzere sukhalanso ngati ulusi, umafufuma n'kukhala ngati khungu la chinthu. Mzere wowongoka ndi conic zimakhala ngati khungu la mpira, lopanda bowo. Mzere wosalala wa digiri 3 umakhala ngati nkhata, uli ndi bowo limodzi. Ina imakhala ngati nkhata ziwiri kapena zitatu zolumikizana. Nambala ya mabowo amenewa imatchedwa genus. Tsono tengani nkhata muitsine pamalo amodzi mpaka pamalopo patsale kadontho. Chimene chatsala ndi mpira wotalika umene nsonga zake ziwiri zagundana, ndipo akatswiri amauwerenga ngati wopanda bowo. Papepala malo otsinidwawo amaoneka pamene mzere wadzidutsa wokha, monga pakati pa nambala 8. Nkhata ya mabowo awiri ifunika kuitsina kawiri kuti mabowo onse afe, ya atatu katatu. Mizere imene mabowo ake onse afa amaitcha rational, ndipo ndiyo imene akatswiri amakonda kuwerenga, chifukwa yosatsinidwa ndi yosawerengeka koma yotsinidwa kotheratu ili ndi malire.

Pali mtundu wa zinsalu zokhota wotchedwa K3. Dzinali anapereka André Weil mu 1958 polemekeza akatswiri atatu, Kummer, Kähler ndi Kodaira, ndiponso pokumbukira phiri la K2 la ku Asia. Chinsalu chilichonse chosalala cha digiri 4, monga x⁴ + y⁴ + z⁴ = 1, ndi K3. Mukadula chinsalu chotere ndi mpeni wafulati, monga timadulira dzungu, m'mphepete mwa podulapo mumatuluka mzere wa digiri 4, umene uli ndi mabowo atatu. Mpeniwo ukangokhudza chinsalucho pamalo ena m'malo modula, mzere uja umatsinika pomwepo. Choncho kufunsa kuti mizere ya rational ilipo ingati n'chimodzimodzi kufunsa kuti pali njira zingati zoikira mpeni kuti ukhudze chinsalucho pa malo atatu nthawi imodzi. Pa chinsalu wamba cha digiri 4, chopanda zapadera, yankho ndi 3200, ndipo akatswiri a zaka za m'ma 1800 ankalidziwa.

Pali K3 ina imene imapangidwa pokuta pepala kawiri, mapepala awiriwo n'kusokedwa pamodzi motsata mzere wa digiri 6. Pa imeneyi mizere imakhala ya mabowo awiri, ndipo funso limasanduka lakuti: ndi mizere yowongoka ingati imene imakhudza mzere wa digiri 6 pa malo awiri? Julius Plücker wa ku Germany anapereka fomula yake m'zaka za m'ma 1830. Ngati digiri ndi d, chulukitsani d, d − 2, d − 3 ndi d + 3, kenaka mugawe ndi 2. Pa digiri 4 mupeza 4 × 2 × 1 × 7 ÷ 2, ndiye 28. Pa digiri 6 mupeza 6 × 4 × 3 × 9 ÷ 2, ndiye 324.

Mtundu wachitatu ndi wosavuta kuposa yonse, ndipo aliyense amene anaphunzira b² − 4ac angaumve. Tikudziwa kuti b² − 4ac ikakhala 0, mayankho awiri a ikweshoni agundana n'kukhala amodzi. Mzere wa bowo limodzi umalembedwa y² = x³ + ax + b, ndipo nawonso uli ndi chozindikirira chake, 4a³ + 27b². Ichi chikakhala 0, nkhata yatsinika. Tsono pali K3 imene ili ngati mulu wa nkhata zosanjikizana, nkhata imodzi pa nambala iliyonse t, pamene a ndi wa digiri 8 mwa t ndipo b ndi wa digiri 12. Taonani: 3 × 8 ndi 24, ndipo 2 × 12 ndi 24. Ndiye kuti chozindikirira chija ndi cha digiri 24, chili ndi mayankho 24, ndipo nkhata zotsinika m'mulumo zilipo 24.

Tili ndi nambala zitatu tsopano: 24 pa bowo limodzi, 324 pa mabowo awiri, 3200 pa mabowo atatu. Iliyonse inapezeka mwa njira yakeyake, ndi anthu osiyana, pa nthawi zosiyana. Zisungeni, tipite kumsika.

Amayi anga amagulitsa tomato, ndipo pa holide ntchito younjika milu imagwera ine. Aliyense amene wadutsapo pa Ntaja, pa Liwonde kapena pa msika wa Balaka wawaona amayi atakhala pamzere, aliyense ndi milu yake pathumba. Funso la masamu nali: munthu ali ndi tomato 4, angawaunjike m'njira zingati? Mulu umodzi wa 4. Mulu wa 3 ndi wa 1. Wa 2 ndi wa 2. Wa 2, wa 1 ndi wa 1. Kapena milu inayi ya mmodzimmodzi. Njira 5. Tomato mmodzi ali ndi njira 1, awiri njira 2, atatu njira 3, asanu njira 7, ndipo nambala zimapitirira 11, 15, 22, 30, 42. Zimaoneka zofatsa koma zimakula moopsa: tomato 100 angaunjikidwe m'njira 190,569,292. Leonhard Euler, m'buku lake la 1748, anaonetsa kuti nambala zonsezi zimatuluka mukatenga 1 n'kumugawa ndi (1 − q)(1 − q²)(1 − q³) ndi kupitirira osaleka. Nambala imene yaima patsogolo pa q⁴ ndi 5, ya patsogolo pa q⁵ ndi 7.

Tsopano tiyerekeze kuti pamzere paja pakhala amayi 24, ndipo inu muli ndi tomato oti muwagawire. Mayi aliyense aunjika gawo lake monga wafunira. Tomato ndi ofanana, koma amayiwo ndi osiyana, aliyense ali ndi dzina lake. Kodi msika ungaoneke m'njira zingati?

Muli ndi tomato mmodzi: mupatsa mmodzi mwa amayi 24. Njira 24.

Muli ndi tomato awiri. Mungapatse onse awiri mayi mmodzi, ndipo iye ali ndi njira 2 zounjikira, choncho 24 × 2 ndi 48. Kapena mungapatse amayi awiri osiyana mmodzimmodzi, ndipo njira zosankhira amayi awiri mwa 24 ndi 24 × 23 ÷ 2, ndiye 276. Phatikizani 48 ndi 276. Mupeza 324.

Muli ndi tomato atatu. Onse kwa mayi mmodzi: 24 × 3 ndi 72. Awiri kwa mayi wina, mmodzi kwa wina: 24 × 23 × 2 ndi 1104. Amayi atatu osiyana: 24 × 23 × 22 ÷ 6 ndi 2024. Phatikizani 72, 1104 ndi 2024. Mupeza 3200.

Masamu amenewa ndinawachita kuseri kwa kope la Chichewa nditakhala pa chidebe, ndipo 3200 itatuluka ndinaimirira. Amayi anaganiza kuti ndalumidwa ndi chinthu. Ganizani bwino, anzanga: nambala imene inafuna aljebura wa akuluakulu, ya mipeni yokhudza chinsalu cha digiri 4 pa malo atatu, yatuluka m'masamu a kuchulukitsa ndi kuphatikiza amene mng'ono wanga wa Sitandade 7 angachite. Ndipo nambala 324 ndi 3200 zinakhala m'mabuku zaka zoposa 100 popanda wozindikira kuti ndi ana a mayi mmodzi.

Amene anazindikira ndi Shing-Tung Yau ndi Eric Zaslow, m'pepala limene linatuluka mu 1996, ndipo nawonso anadzera ku fizikisi. Iwo ananena kuti pa K3 ya mabowo angati alionse, nambala ya mizere ya rational imatuluka mu fomula ya Euler ija mukaichulukitsa yokha ka 24. Kuchulukitsa ka 24 kumeneku ndiwo amayi athu 24 aja. Poyamba zinali zongolosera. Arnaud Beauville anapereka chifukwa chake mu 1999, Jim Bryan ndi Naichung Conan Leung anapereka umboni mu 2000, ndipo mu 2010 Klemm, Maulik, Pandharipande ndi Scheidegger anamaliza mbali imene inatsala.

Njira ya Bryan ndi Leung ndiyo imandisangalatsa, chifukwa imaonetsa kuti kufanana kumeneku si mwayi. Iwo anatsata nzeru ya Schubert yosuntha zinthu, koma pa maziko olimba. Ma K3 onse ndi a banja limodzi, ndipo ukhoza kupinda imodzi pang'onopang'ono mpaka isanduke inzake, nambala osasintha. Choncho anapinda K3 yovuta mpaka inasanduka ija ya mulu wa nkhata. Kumeneko mzere wa rational umaphwanyika n'kukhala mzere umodzi wodutsa nkhata zonse, monga chingwe chotunga nsomba, pamodzi ndi zidutswa zimene zakulunga nkhata. Nkhata yosatsinika singalowemo chifukwa ili ndi bowo, motero zotsala ndi 24 zotsinika zija. Ngati mzere unali wa mabowo atatu, pali kukulunga katatu koti kugawidwe pakati pa nkhata 24, ndipo iwo anaonetsa kuti nkhata imene yalandira kukulunga kangapo imapereka njira zochuluka ngati njira zounjikira tomato a nambala yomweyo. Nkhata zotsinika ndiwo amayi, mabowo ndiwo tomato.

Nanga dzina lakuti modular form likubwera pati? Tembenuzani fomula ija, zapansi zikhale pamwamba, muchulukitse ndi q. Mupeza q kuchulukitsa ndi (1 − q)(1 − q²)(1 − q³) ndi zotsatira zake, zonse pa pawa 24. Chinthu chimenechi chili ndi dzina lakale, Delta, ndipo mukachitambasula chimayamba motere: q − 24q² + 252q³ − 1472q⁴ + 4830q⁵ − 6048q⁶. Delta ameneyu si mlendo kwa ife. Ndi chozindikirira chija cha 4a³ + 27b² atachiveka malaya ena, ndipo ntchito yake ndi kutiuza pamene nkhata yatsinika.

Nkhata ingapangidwe ndi pepala la ngodya zinayi: lumikizani mbali ziwiri zoyang'anizana mupeza paipi, lumikizani kukamwa kwa paipiyo kuwiri mupeza nkhata. Maonekedwe a pepalalo, kutalika ndi kupendekeka kwake, amalembedwa ndi nambala imodzi ya mtundu wosaoneka uja, imene amaitcha tau. Koma mapepala osiyana angathe kutulutsa nkhata imodzimodzi. Modular form ndi lamulo limene limapereka nambala pa pepala lililonse, ndipo mukasintha pepala n'kutenga lina lotulutsa nkhata yomweyo, nambalayo imasintha motsata pangano lokhwima. Kwa Delta panganolo ndi ili: mukaonjeza 1 pa tau, palibe chosintha, mukaika −1 kugawa ndi tau m'malo mwa tau, Delta amangochulukitsidwa ndi tau pa pawa 12. Pangano lotere ndi lovuta kusunga, choncho ma modular form ndi osowa. Pa mlingo wa 12 umenewu, woyamba ndi q ndi Delta yekha. Phindu lake kwa wowerenga mizere ndi lalikulu. Ukangodziwa kuti nambala zako zikuchokera ku modular form, nambala zochepa zoyambirira zimakuuza zonse zotsatira mpaka muyaya, monga mmene woimba ng'oma wodziwa amamvera kugunda kuwiri kutatu n'kudziwa gule yense.

Munthu amene anamuyang'anitsitsa Delta kuposa onse ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India, amene anabadwa mu 1887 m'banja losauka. Anakonda masamu mpaka kutaya maphunziro ena, nalephera mayeso a ku koleji, mfundo imene aphunzitsi athu anaitsindika kawiri potiuza mbiri yake. Anagwira ntchito ya ukalaliki pa doko la Madras, ndipo mu 1913 analembera kalata G. H. Hardy wa ku Cambridge, amene anamuitanitsa ku England chaka chotsatira. Mu 1916 Ramanujan anaona kuti nambala za Delta zimachulukitsana: yachiwiri ndi −24, yachitatu ndi 252, ndipo −24 × 252 ndi −6048, imene ndi yachisanu n'chimodzi, monga 2 × 3 ali 6. Louis Mordell anatsimikiza zimenezi mu 1917. Zina zimene Ramanujan analosera pa kukula kwa nambalazi zinadikira Pierre Deligne mpaka 1974. Anaonanso kuti njira zounjikira tomato 4, 9, 14 ndi kupitirira motero nthawi zonse zimagawika ndi 5: zilipo 5, 30, 135. Anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32 zokha. Ma modular form omwewa ndiwo Andrew Wiles anagwiritsa ntchito mu 1994 pomasula funso la Fermat limene linakhala zaka zoposa 350.

Bambo anga nditawafotokozera zimenezi madzulo ena, anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti: "Nanga thumba la feteleza lili pati m'menemo?" Funso lawo ndi lachilungamo, pakuti fizi yanga imachokera m'munda ndi m'milu yomweyo ya tomato. Ndinawayankha kuti mulibe. Ndikanatha kuwauza kuti mizere ya mtundu wa nkhata ija ndiyo imabisa mauthenga a pa WhatsApp kuti wina asawawerenge panjira, ndipo zimenezo n'zoona, koma si zimene zinandiimiritsa pa chidebe paja, ndipo 3200 yeniyeniyo sinagulirepo munthu mchere. Anaseka, nati bola ndisaiwale kuwerenga chenji.

Amene ndimatsutsana nawo ndi anzanga ena muno, amene amati masamu ndi a anthu opita ku uinjiniya, ife tikulowera ku Kachebere kukaphunzira filosofi, choncho bola kungokhoza MSCE n'kuwatsanzika. Iwo amaona masamu ngati msonkho wolipira pachipata. George Salmon uja wa mizere 27 anali wansembe wa mpingo wa Anglican, ndipo kuyambira 1866 anali mphunzitsi wa zaumulungu pa Trinity College ku Dublin. Koma mfundo yanga yaikulu si imeneyo. M'kalasi timapatsidwa mafunso amene yankho lake lili kale kumapeto kwa buku, ndiye tazolowera kuganiza kuti masamu ndi kusaka chimene aphunzitsi abisa. Nkhani ya K3 ndi ya mtundu wina. Plücker sankaganiza za milu, Euler sankaganiza za K3, Ramanujan anamwalira dzina la K3 lisanabadwe, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anakonza kuti 48 ndi 276 zikumane ndi 6 × 4 × 3 × 9 ÷ 2. Munthu amene akukonzekera kukafunsa mafunso a filosofi sayenera kudutsa chinthu chotere ngati sanachione.

Pa mabowo anayi fomula ya Yau ndi Zaslow imapereka 25,650, ndipo pamsika zimayenda motere. Tomato onse 4 kwa mayi mmodzi: 24 × 5 ndi 120. Atatu kwa wina, mmodzi kwa wina: 24 × 23 × 3 ndi 1656. Awiri kwa wina, awiri kwa wina: pali njira 276 zosankhira amayiwo, aliyense ali ndi njira 2, choncho 276 × 4 ndi 1104. Awiri kwa mayi mmodzi, otsalawo kwa amayi awiri mwa 23 enawo: 24 × 2 × 253 ndi 12,144. Amayi anayi osiyana: 10,626. Zonse pamodzi ndi 25,650.

Ya tomato 5 ndakusiyirani. Pali magawidwe 7 oti muwalondole, ndipo samalani pamene amayi awiri alandira gawo lofanana kuti musawawerenge kawiri. Yankho lili ndi manambala asanu ndi imodzi, liyamba ndi 17 ndipo litha ndi 56. Amene alipeze andipeze ku Fomu 3 nthawi ya sitadi isanayambe, abwere ndi pepala limene wawerengerapo.